Mmene Felista Anaphunzirira Kukana

Khalani pansi ana inu, ndipo manja asaleke kusenda nandolo, pakuti kumvetsera sikufuna zala. Iwe Mateyu, sendera pafupi, nkhani ya lero ndi yako. Ndamva zimene unayankhula kumsika. Akuti anzako amakuseka kuti achemwali ako a Felista ndi piloto wanji wobwera kumudzi pa shapa, kaminibasi kathu kaja, atapanikizana ndi madengu a nkhuku, ndipo iwe unayankha kuti ukadzakula sudzataya nthawi ngati iwowo, udzangolunjika ku ndege za mabwana, zoyera zija zokhala ndi mipando ngati ya pabalaza. Usazolike, amene anandiuza sindimutchula. Ine sindikukuletsa. Ndege za mabwana zilipodi, ndipo amaziyendetsa ndi ana a anthu ngati iwe. Koma usananyoze njira imene mchemwali wako anasankha, umve kaye mmene anaisankhira.

Inu mumandiona ngati nkhalamba yongodziwa njinga ndi matumba a chimanga, koma ine fungo la mafuta a ndege ndinalidziwa amayi anu asanabadwe. Kwathu kwenikweni ndi ku Mongue. Kuno ku Milange ndinabwera wapansi kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi m'munsi mwa phiri la Tumbine, kamba wa panjira ali makaka ndi kalongonda womanga m'masamba a nthochi. Kalongonda, Luwiza, si zophika mothamanga zanu zija za m'mapaketi. Ankakhala pamoto tsiku lonse, madzi kutaya, kuthira ena, kutayanso, ndipo wothamangira kumudya ankaledzera naye n'kumaona mitengo ikuvina. Inu a masiku ano mukanafa ndi njala mphika uli pamoto.

Ndinathyola tiyi zaka zingapo, ndinakwatira agogo anu aakazi pamudzi pano, kenako mwini esiteti anandiika kukhala kapitawo wa bwalo lake la ndege. Musaganize za bwalo la phula lokhala ndi magetsi ayi. Unali mzere wautali wa udzu pakati pa minda. Ine ndi anthu anga tinkatchetcha udzuwo ndi zikwakwa, kugumula chulu chilichonse chimene chiswe chayamba kumanga, kukwirira maenje a mfuko, ndi kuthamangitsa mbuzi za anthu osamva. Tikamva kulira kumwamba ndinkakoleza moto m'mphepete mwa bwalo n'kuthirapo masamba aawisi, kuti utsi uuze woyendetsa kumene mphepo ikuchokera. Mafuta ankabwera m'migolo, ndipo tinkawasefa pa kachikopa kofewa kuti madzi ndi zinyalala zisalowe. Ntchito imeneyo ndinkainyadira, ndipo agogo anu ankati ndikachoka kubwaloko ndinkayenda ngati ndege ndi yanga.

Woyendetsa kandegeko anali mwamuna wina wochokera ku Kelimane. Tinkamutcha Tsabola chifukwa dzuwa linkamufiiritsa khosi. Iyeyo ndi amene anandionetsa moyo wa piloto wa bwana mmodzi. Bwana akapita kukadya ndi anzake, Tsabola ankadikira pansi pa phiko monga amadikirira anyamata a njinga pa foronteira, pachipata cha m'malire paja. Bwana akati tiyeni, ndiye tiyeni, kaya ndi Lamulungu, kaya mwana wako akudwala.

Tsiku lina m'nyengo yozizira kunagwa chiperoni, chija chimachititsa kuti usaone ngakhale mtengo wa mango wa pakhomo pako. Tumbine kunalibe, kumwamba kunalibe, kamvula kakungowaza. Bwana anafika ndi zikwama, akuti ali ndi nkhani yaikulu ku tawuni yosadikirika. Tsabola anayang'ana kumene kukanakhala phiri, n'kuvula chipewa bwinobwino, nati m'Chipwitikizi: “Ndege ndi yanu, patarawu, koma m'mwambamo wolamula ndine. Lero sitinyamuka.” Bwana anakalipa mpaka malovu kuthovoka, kumunena kuti ndi wamantha, kumukumbutsa amene amamudyetsa. Tsabola anangoima, chipewa kumanja. Ife tonse tinazolika, manyazi akutigwirira ife. Chibadwire tinali tisanaone wantchito akukana bwana pamaso pa anthu, ndipo ine mumtima ndinati munthu uyu kwawo sanamulere. Bwana anapita pagalimoto, ndipo anatha nthawi yaitali osamupatsa moni. Koma ndinaona chinthu chimodzi: nthawi iliyonse imene mkazi wa bwana ndi ana ankayenda pandege, bwana sankalola wina aliyense kuwanyamula koma Tsabola yemweyo.

Kenako zinafika zaka zoipa za nkhondo zija zimene sindikonda kuzikamba. Tinawoloka Ruo madzi ali m'chiuno, malume anu a Dinisi ali pakhosi panga, amayi ake a Felista ali kumbuyo kwa agogo anu. Nthawi imeneyo ukamva kulira kumwamba sunkathamangira moto ndi masamba, unkagona pansi chafufumimba. Bwalo langa lija linamera tchire. Titabwerera ndinagula njinga yakale n'kuyamba kuwolotsa chimanga kupita nacho ku Muloza, ndipo mawondo amene mumawaseka akamalirawa ndinawathera pamenepo. Ana a pamudzi pano tinawagawa monga amachitira anthu a m'malire: ena sukulu ya Chipwitikizi konkuno, ena kuwoloka m'mawa uliwonse kukaphunzira Chingerezi kutsidya. Felista, atabadwa n'kukula, anagwera gulu lowoloka. Chipwitikizi anachitolera kutchalitchi ndi kumsika, Chilomwe kwa agogo ake.

Tsono mumvetse bwino apa. Pamudzi pano tinalera ana ndi ulemu, ndipo pa ana onse amene tinalera, Felista ndiye anaumva kwambiri. Wamkulu akamuitana, anali atagwada kale asanamalize kutchula dzina. Akamayankhula naye, maso pansi. Ukamutuma kuchigayo dzuwa lili pamutu, iye akudwala malungo, ankangoti “chabwino agogo.” Azimayi a kutchalitchi ankalozera ana awo kuti taonani mwana wa uje. Ine ndinkatupa nazo. Iwe Tomasi ukamatumidwa madzi n'kumafunsa kuti bwanji osatuma Luwiza, dziwa kuti mchemwali wako funso lotere sanalifunsepo.

Atamaliza sukulu anapeza ntchito pa foronteira pomwepa, kuthandiza oyendetsa malole amene Chipwitikizi chawagonjetsa ndi ena amene Chingerezi chawakanika. Tsiku lina anabwera pakhonde pano, n'kugwada apo pakhala Luwizapo, nati, “Agogo, ine ndikufuna kuyendetsa ndege.” Agogo anu aakazi anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Ndinamufunsa kuti sukulu yake ili kuti, poganiza kuti njira ndi imodzi monga ya ku Mocuba. Iye anati njira zilipo zingapo, ndipo anali atazifufuza kale pa foni yakeyo ndi kufunsa anthu. Yoyamba ndi ya usilikali: amakuphunzitsa okha, koma ukatero ndiwe wawo, kumene akutuma ndi komweko. Agogo anu atamva mawu akuti usilikali anangoimirira n'kulowa m'nyumba, ndipo njira imeneyo inathera pomwepo. Yachiwiri ndi ya sukulu zikuluzikulu, zambiri zili ku Joni, kumene umalowa usakudziwa kanthu n'kuphunzira osapumira mpaka kutuluka ndi ziphaso zonse za ntchito. Ndi yachangu, ndipo makampani a ndege zazikulu amaikonda, koma imafuna thumba lakuya tsiku loyamba lomwe, ndiye ana a alimi ngati ife amailowa pokhapokha wina atawanyamula, ndipo wokunyamulayo amakumanga kuti udzamugwirire ntchito zaka zimene iye wanena. Yachitatu ndi ya pang'onopang'ono. Umayamba ndi chiphaso chaching'ono chongokulola kuyendetsa kandege kakang'ono popanda kulipidwa. Kenako umaunjika maola a m'mwamba, n'kuphunzira kuyenda m'mitambo podalira zida zokha, n'kutenga chiphaso cha ntchito, n'kuphunzira ndege ya mainjini awiri, chilichonse pa nthawi yake, uku ukugwira ntchito yako pansi. Imachedwa, ndipo ambiri amatopera panjira. Anatinso usanasankhe iliyonse, uyambe wapita kwa dokotala wa anthu a ndege akakuyeze maso, makutu ndi mtima, chifukwa pali ena amene anagulitsa mbuzi za mudzi wonse n'kukamva kumapeto kuti maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Iyeyo anali atapita kale mwakachetechete, ndipo anamupeza wabwinobwino. Wamva, Mateyu? Dokotala kaye, kudzitama pambuyo.

Anapeza kasukulu kakang'ono ka ndege cha ku Blantyre, n'kupita Loweruka lina kukalawa, poti amalola munthu kukwera ndi mphunzitsi kamodzi kuti aone ngati m'mimba mwake mukugwirizana nazo. Anabwerako madzulo nkhope itagwa. Ndinaganiza kuti anasanza m'mwamba. Ayi, sananyamuke n'komwe. Mphunzitsi wake, mayi wina wamfupi wa imvi zochepa, anamukweza m'ndege, n'kuliza injini, nati tiyeni. Felista, mwana wa pansi pa Tumbine, anali ataona kale kuti kum'mawa kukubwera chiperoni, mphepo yake anali ataimva pakhungu, koma anangomanga lamba n'kukhala chete. Mayi uja anazimitsa injini n'kumuyang'ana.

“Waona chiyani kum'mawako?”

“Chiperoni, mayi.”

“Unachiona liti?”

“Tisanakwere.”

“Nanga bwanji sunanene?”

“Ndinu aakulu, mayi. Ndimati mukudziwa.”

Mayiyo akuti sanakalipe. Anangoti, “Mwanawe, manja ako ndingawaphunzitse, mutu uli nawo kale. Koma amene satha kundikana ine pansi pano, adzanyamula anthu kukawalowetsa m'phiri chifukwa choti wamkulu wanena. Pita kwanu. Udzabwere ukadzatha kundiuza kuti ayi uku ukundiyang'ana m'maso.”

Felista akufotokoza izi atagwada, maso pansi, ine ndinakumbuka Tsabola ndi chipewa chake, ndipo ndinamva chisoni chachikulu. Ulemu umene tinamuveka mwana ngati chovala cha pa Khirisimasi ndi umene unamutsitsa m'ndege.

Sipanapite nthawi, malume anu a Dinisi anatulukira kuchokera ku Nampula, kumene amagwira ntchito kwa bwana wina wogula nandolo ndi matabwa. Anabwera akuwala, nsapato zosongoka, fungo labwino kutsogolo iwo pambuyo. Anati nkhani ya Felista yatheka. Bwana wawo ali ndi ndege yakeyake, ndipo watopa ndi oyendetsa olembedwa ntchito chifukwa amamuyankha, lero akuti mitambo, mawa akuti katundu walemera, mkuja akuti tatopa. Akufuna mwana woti amulere yekha, amutumize ku sukulu yaikulu ya ku Joni, zonse zake, kuti pobwera adzakhale piloto wa m'nyumba. “Ndiye ndawauza,” anatero a Dinisi akumenya pachifuwa, “kuti patarawu, musafune kutali. Kwathu kuli mtsikana amene chibadwire sanakanepo munthu. Anasangalala kwabasi.”

Amayi ake a Felista analulutira. Agogo anu anagwira pakamwa. Koma ine ndinachita mantha.

Musamve molakwa, ana inu. Malume anu si munthu woipa, ndipo anachita zimenezi chifukwa chokonda mwana wa mlongo wawo. Sukulu yaikulu nayo si yoipa. Pali mnzake wa Felista amene anadutsa kumeneko ndipo lero akuyendetsa ndege zazikulu. Chimene chinandiopsa ine ndi chifukwa chimene bwanayo ankamufunira mdzukulu wanga. Sankafuna maso ake kapena mutu wake. Ankafuna “chabwino bwana” wake uja.

Mukuti bwanji sindinangokana ineyo? Ha! Inu mukandiona ndi imvizi mumayesa ndine mwini mudzi. Ine pano ndine mkamwini. Ndinabwera kudzakwatira, ndipo ngakhale ndadzala mitengo yonse mukudya zipatso zakeyi, pa nkhani ya ana a mbumba mawu ndi a malume awo. Alongo awo a agogo anu atamwalira, udindo umenewo unagwera Dinisi. Mwana amene ndinamuwolotsa Ruo pakhosi panga akundikodzera kumsana ndiye anali ndi mawu pa Felista, ine womubereka Dinisiyo ndikungoonerera ngati mlendo. Ndinayesa kumutengera kuseri kwa nkhokwe kumuuza za Tsabola. Anandimvetsera mwaulemu, n'kundigwira paphewa, nati, “Bambo, zimenezo ndi za nthawi ya atsamunda. Mwayi wotere subwera kawiri.” Anati abweranso nandolo akauma kudzamva yankho pamaso pa mbumba yonse, ngakhale kwa iye yankho linali lodziwika kale.

Ndinamufunsa Felista payekha kuti mtima wake uli kuti. Anati, “Agogo, ine ndikufuna kubwerera kwa mayi aja. Ndikufuna chiphaso chikhale changa, ndidzasankhe ndekha wogwira naye ntchito. Koma malume ndingawakane bwanji?” Ndinaona kuti palibe wina angamunenere mawu amenewo. Ndikanena ine, ndi mkamwini wolowerera. Akanena amayi ake, ndi mlongo wonyoza mchimwene wake. Anayenera kutuluka m'kamwa mwa mwini wake, m'kamwa momwe munali musanatulukepo ayi.

Ndiye ndinatsegula sukulu yanga pakhonde pano. Musaseke, Tomasi, inali sukulu yeniyeni. Ndinamuuza kuti kuyambira lero ndikakutuma chinthu chopanda nzeru, undikane. Tsiku loyamba ndinati, “Felista, kanditungire madzi m'lichero.” Anati, “Ayi agogo,” mawu ngati a udzudzu, uku ali kale pakhomo lichero lili m'manja. Tsiku lina ndinamutuma kukathirira chinangwa mvula ikugwa. Anati ayi ndithu, koma nditatembenuka ndinamupeza kumunda ndi ndowa, atanyowa, akuti amaopa kuti mwina ndimanenadi zoona. Agogo anu aakazi anandikalipira kuti nkhalamba iwe wapenga, mwana tinamulera bwinobwino ukumuphunzitsa mwano, anthu akamva adzati chiyani kutchalitchi. Ndinati mwano ndi kukana ndi zinthu ziwiri, koma iwo anati kwawo kuno ndi chimodzi, ndipo anandiphikira ndiwo zopanda mchere kwa masiku angapo kuti ndimve bwino.

Pang'onopang'ono mawu anayamba kulimba, koma maso ndiwo ankakana kudzuka. Ankanena ayi wake akuyang'ana zala za kumapazi kwanga. Ndinkati, “Mapaziwa sanakutume, ndakutuma ndine, yang'ana kuno.” Akakweza maso misozi inkalengeza. Ine pandekha sindinkadziwa ngati zimenezi zidzagwira ntchito tsiku lenileni, chifukwa kukana nkhalamba imene yakupempha yokha kuti uikane ndi masewera chabe.

Nandolo atauma a Dinisi anafika. Mbumba yonse inakhala pansi pa mango apo, azimayi pamphasa, malume pampando. Ine ndinakhala chapatali pa chitsa, malo a mkamwini, ndikunamizira kukonza tcheni cha njinga. A Dinisi anayankhula bwino, sindingawanamizire. Anakamba za ulemerero wa mudzi, za mwana wa ku Milange woyendetsa ndege ya bwana, za mmene amayi ake adzapumire khasu. Pomaliza anati, “Felista, bwera uthokoze, Lolemba tinyamukire limodzi.”

Anabwera n'kugwada patsogolo pawo monga mwa masiku onse. Ine tcheni chili m'manja, mafuta akuda akutsikira m'zigongono, ndikupemphera. Kenako anakweza mutu.

“Malume, zikomo kwambiri pondiganizira. Koma ndakana.”

“Wati chiyani?”

“Ndakana, malume. Bwana wanu akufuna munthu woti akanena kuti tiyeni azinyamuka. Munthu wotero adzawapha, ndipo mwina inu mudzakhala muli momwemo. Ine ndiphunzira pang'onopang'ono.”

Amayi ake anafuula kuti mwana uyu walodzedwa. A Dinisi anaimirira, mpando n'kugwa chagada, ndipo sanayang'ane Felista, anayang'ana ine. “Bambo, izi ndi zanu izi.” Ndinati ine ndikukonza njinga. Ananyamuka tsiku lomwelo osadya, ndipo Khirisimasi ya chaka chimenecho sanabwere. Zinandipweteka, ana inu, pakuti ndi mwana wanga, ndipo anachita manyazi pamaso pa bwana wake chifukwa chofuna kuthandiza. Komanso mawu ake aja anandikhala pamtima. Nanga ngati zinalidi zanga? Nanga ngati mwanayo sanakane malume ake, koma anangomvera agogo ake monga ankamvera aliyense? Funso limeneli ndinayenda nalo nthawi yaitali osauza munthu.

Felista anabwerera kwa mayi uja, ndipo anamulandira. Kuyambira pamenepo moyo wake unakhala umene mumaudziwawu: mkati mwa sabata pa foronteira ndi oyendetsa malole, akapeza kangachepe n'kukwera minibasi ya ku Limbe kukauluka ola lake, n'kubwerera ndi mabuku onenepa ngati Baibulo la paguwa. Nyengo zina ankatha miyezi osauluka, n'kumangowerenga ndi kuyeseza mawu a pa wailesi kuseri kwa nyumba, nkhuku zikumuyang'ana. Anthu anayankhula. Ena ankati anataya mwayi chifukwa cha kunyada, ena ankati nkhalamba ya ku Mongue inamusokoneza mutu. Tsiku limene anauluka yekha koyamba, popanda mphunzitsi pambali, anatiimbira foni akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo agogo anu, omwe aja a ndiwo zopanda mchere, anavina pabwalo apa mpaka chitenje kumasuka. A Dinisi nawo mtima unatsika. Chaka chatha anabwera ndi kachikwama kabwino koikamo mabuku a ndege, n'kungomupatsa Felista m'manja, ndipo ulendo umenewu anadya nafe.

Pano chiphaso choyamba anatenga, akuunjika maola, ndipo wayamba za m'mitambo. Akuti akadzafuna kugwira ntchito kuno kwathu adzayenera kulembanso mayeso ena kuti chiphaso cha kutsidya chivomerezeke, ndipo zimenezo anazidziwa asanayambe. Kutsogolo kukadali kutali. Mwina adzayendetsa ndege zonyamula odwala, mwina zazikulu, mwinanso za mabwana zomwe ukuzifuna iwezo, Mateyu, pakuti akuti mabwana anzeru safuna wongotuluka kumene m'sukulu, amafuna amene waona nyengo zambiri. Iwe ukadzafika posankha, udzafunse zimene anafunsa iye: thupi langa likulola kodi, ndingapirire njira iti, ndipo amene akundinyamula akufuna chiyani kwa ine. Ukadzapeza wokutumiza ku sukulu yaikulu ndi mtima wabwino, pita, ine ndidzakuperekeza mpaka pa foronteira ngati mawondo adzakhale alipo.

Tsono mwezi wathawu mukukumbuka ndinavala jekete la maukwati n'kuchoka m'mamawa, ndipo nditabwerako munandifunsa kuti m'mwamba muli bwanji, ine n'kukuthamangitsani ndi ndodo? Lero ndikuuzani. Chiphaso chake chimamulola kunyamula wachibale, ndiye anandiitana kuti akandikweze, tidzazungulire Mulanje ndione Tumbine ndi denga la nyumba ino kuchokera kumwamba. Ine chibadwire mapazi anga sanachokepo pansi. Ndinauza a kutchalitchi onse, ndinauza a kumsika, ndinameta ndevu. Minibasi inandigwedeza mafupa onse mpaka ku Limbe, ina mpaka ku bwalo. Ndinafika kunja kukuwala bwinobwino, kandege koyera kali apo, chitseko chotsegula. Ndinakagwira phiko ndi dzanja langa.

Felista anakazungulira akuyang'ana apa ndi apo, n'kulowa mu ofesi kukamva za nyengo, n'kutuluka, n'kuima akuyang'ana kum'mawa. Kenako anabwera kwa ine.

“Agogo, lero sitiuluka. Mphepo yatembenuka, ku Mulanje kwayamba kutseka, ndipo tikanyamuka pobwerera tidzapeza kuno kwatsekanso. Ine za m'mitambo sindinamalize.”

Ndinayang'ana kumwamba, dzuwa lili phwee. Ndinati mwanawe usandiseweretse, mitambo ndinayamba kuiwerenga amayi ako asanabadwe, apa tikhoza kupita n'kubwerako. Anati ayi. Ndinati tingozungulira pafupi pompano basi, ndingolawako. Anati mphepo ya pabwalo nayo yayamba kuwomba cham'mbali kuposa mmene iye amaloledwera ndi munthu m'ndege. Apo ndinapsa mtima zenizeni, osati za pakhonde zija. Ndinamukumbutsa kuti ndine agogo ake, kuti ndauza mudzi wonse, kuti zaka zanga zatha ndipo sindikudziwa ngati chaka chamawa ndidzakhalapo. Mawu omalizawa ndinawanena dala kuti amulase, ndipo anamulasadi. Mayi mphunzitsi uja anali chapatali akumwa tiyi, osalowererapo.

Felista sanagwade. Anandiyang'ana m'maso, misozi ikutsika, nati, “Agogo, ndimakukondani, ndipo ndikudziwa kuti mwachokera kutali. Koma ayi.” Anatseka chitseko cha ndege n'kuyamba kuimangirira zingwe.

Ndinakwera minibasi yobwerera osamutsanzika, jekete lili pamiyendo, ndikutukwana chamumtima. Tinadutsa Thyolo ndikadali wokwiya. Koma tikuyandikira Muloza ndinazindikira kuti ayi ameneyu sindinamuphunzitse ine, sindinamupemphe, ndipo ndinachita chilichonse kuti ndimuthyole koma sanathyoke. Anali wakewake. Ndinayamba kuseka ndekha m'minibasi muja, misozi ili mbwee, mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anasuntha dengu lake n'kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinati, “Mayi, ndili bwino kwambiri. Mdzukulu wanga ndi piloto, ndipo lero wandikaniza kukwera ndege.”